Ufa wa masamba a gwafa unatsala pang'ono kutilanda mwana

Inu owerenga, matama anga anagoneka mwana wa mlongo wanga m'chipatala. Ndikulemba izi mtima uli m'malo chifukwa mwanayo ali moyo.

Ndimaphunzira sayansi pa yunivesite ina muno mu Lusaka, koma kwathu ndi ku Kanyama, komboni ya mumzinda momwemuno. Kusukuluko timawiritsa masamba a gwafa n'kusakaniza madzi ake ndi mankhwala okhala ndi chitsulo. Pamatuluka ufa wakuda, wosalala kuposa fumbi. Ukauthira m'madzi a utoto wa ku fakitale, umakoka utotowo n'kukhala nawo pansi, madzi n'kuyera mbee.

Ine wosaugwira mtima ndinatapako m'kabotolo kuti akandione kwathu. Inali nthawi ya mvula, zimbudzi zitasefukira mpaka m'zitsime. Ndinatunga madzi a matope pachitsime chathu, kuthiramo ufa, kuvundula. Atayera, amayi anaitana aneba onse. Anebawo atanditcha dokotala zinandikomera, moti sindinanene kuti ufawo sitinauyesepo pa madzi akumwa, kaya pa tizilombo ta matenda. Ndinasiya kabotoloko pawindo n'kubwerera kusukulu.

Amayi anasiya kuwiritsa madzi. Ankangothira ufa, kusefa ndi nsalu, banja lonse n'kumamwa.

Kenaka mlongo wanga anaimba foni akulira kuti mwana wake, Tamanda, akutsegula m'mimba ndi kusanza. Mwanayo ndinamupeza kuchipatala ali pa diripi, maso atalowa m'kati, osatha ngakhale kulira. Amayi anandiyang'ana n'kundifunsa za ufa ndi madzi aja.

"Iwe, si unakamba kuti ni va masamba chabe? Manzi yenze yoyera bwino bwino!"

Kwathu chinthu cha masamba timachiyesa mankhwala, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Anamwino anagwira ntchito, Mulungu awadalitse. M'mawa wina Tamanda anadzuka n'kuyamba kulirira chitumbuwa chimene mayi wa pabedi loyandikana ankadya. Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe. Sindinamvepo kulira kokoma chotero.

Kafukufukuyu ndi wabwino ndipo sindinamusiye. Koma anzanga ophunzira, chimene sichinathe kuyesedwa chisiyeni kusukulu. Makolo athu amakhulupirira mawu athu kuposa mmene ife eni timawakhulupirira. Ndipo inu a m'makomboni, madzi kuyera si ndiye kuti ndi abwino. Wiritsani, thirani kolorini, ngakhale mwana wanu wophunzira atakuonetsani zodabwitsa zotani.