Mapu a Malume Binwell

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, tikukhala ku Kawale m'nyumba ya lendi. Bambo anga anali mesenjala m'tauni, ndipo tsiku lina anabwera ndi kompyuta yakale imene kuofesi kwawo ankafuna kuitaya. Poyaka inkalira ngati chigayo, n'kumanunkha fumbi lotentha. Inali ndi gemu imodzi yokha, ya nkhondo. Unkayamba ndi anthu ochepa, n'kumawatuma kudula mitengo, kukumba golide ndi kumanga nyumba, mpaka utapeza asilikali okwanira kukagwetsa mudzi wa mdani.

Anyamata a pamzere wathu ankafera nkhondoyo. Ine chimene chinanditenga mtima chinali batani la poyambira. Usanasewere unkasankha ngati ukufuna dziko la mitsinje, la nkhalango, la mapiri kapena la zilumba, kenako n'kudina. Kompyuta inkang'ung'udza pang'ono n'kujambula yokha mapu a dziko latsopano, losafanana ndi lililonse limene inajambulapo kale. Ukapanda kulikonda unkadinanso, lija n'kufafanizika, lina n'kubwera. Mayiko amenewa sankapezeka kwina kulikonse pansi pano. Ndinkatha masana onse ndikulenga ndi kutaya mayiko, mbale zili mbwee panja zosatsuka.

Nthawi imeneyo tinkakhala ndi malume anga a Binwell, mlongo wawo wa amayi, ochokera ku Ntcheu. Anabwera kudzafuna ntchito, koma iwo ndi ntchito sankamwerana madzi. Anayesa kugulitsa kaunjika, zinakanika. Anayesa kuitanira minibasi, anati dzuwa likuwadetsa. Mapeto ake anagula jekete yoyera pamsika wa Chilinde n'kuyambitsa mapemphero m'nyumba ina yosamalizidwa, ya makoma opanda pulasitala. Posakhalitsa anthu anayamba kuwatchula kuti a Mtumiki. Kunyumba anali malume omwe aja, osiya madzi akuda m'bafa kuti wina akataye.

Tsiku lina ndikudina batani langa lija, anadzaima kumbuyo kwanga.

"Iwe Tadala, tandipangira dziko la madzi ambiri, lokhala ndi tizilumba. Ndikufuna ndikaphunzitsire ana za ulendo wa Paulo."

Ndinakondwa kwabasi. Akuluakulu onse ankati gemuyo ndi yowononga mutu, ndiye lero ikagwire ntchito ya Mulungu! Ndinadina kangapo mpaka anati, "Limenelo." Anajambula sikirini ndi foni yawo n'kutuluka akuimba likhweru.

Kumapeto kwa mzere wathu kunkakhala amake Yohane, mayi wa ku Phalombe amene ankakazinga zitumbuwa m'mphepete mwa msewu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yohane, anatengedwa ndi munthu wina wolemba anyamata ntchito za kumaesiteti a fodya, ndipo chipitire kunali zii. Mvula inagwa, inatha, fodya anagulitsidwa, iye osaoneka. Nkhaniyi aliyense ankaidziwa. Tinkadziwanso kuti dalaivala wina wa lole, wa ku Biwi, anaona mnyamata wofanana naye pa esiteti ina ku Mchinji, wowonda, akutsokomola. Dalaivalayo anadzipereka kuwatenga mayiwo mwaulere Loweruka la sabata imeneyo, chifukwa pambuyo pake ankasamukira njira ina.

Lachinayi amayi anandituma kukagula zitumbuwa. Ndinawapeza amake Yohane akuimba kanyimbo, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Lole ija sindikweranso, mwanawe," anandiuza. "A Mtumiki aonetsedwa. Yohane sali ku Mchinji ayi. Ali kunyanja, pachilumba, ndipo ali bwinobwino. Akuti ndikayenda ndisokoneza pemphero."

Anapukuta manja pachitenje, n'kusolola m'Baibulo chithunzi chotsukidwa ku situdiyo. Anali mapu anga aja. Ndinazindikira chilumba chopindika cha pakati, timadontho tachikasu ta golide, ndi kadontho kofiira ka pamudzi wa mdani. Kofiirako anakasisita ndi chala pang'onopang'ono.

"Aka ndi iyeyo," anatero.

Ndinamva nseru. Zitumbuwa zinali zotentha m'pepala, koma fungo la mafuta linandikwera kukhosi. Ndinakumbukira nkhuku imene tinadya dzulo lake, imene malume anati yachokera kwa nkhosa yawo ina ya kumapemphero yothokoza. Ndinawaonanso m'maganizo akupsontha mafupa, msuzi ukuyenderera mpaka pachigongono. Nanenso ndinali nditadyako phiko.

Nditafika kunyumba ndinawauza amayi zonse. Ankachapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Tseka pakamwa pako. Amene aja ndi malume ako, mwini mbumba. Ukufuna tiziyenda bwanji m'Kawale muno?"

Sanati ndikunama. Chimenecho n'chimene chinandiwawa kwambiri.

Lachisanu nditaweruka kusukulu ndinapeza m'nyumba mulibe munthu. Bambo anali kuntchito, amayi kumsika, malume akuti kuphiri kokapemphera. Kwathu mwana satsutsa wamkulu, nanji malume. Komabe lole inali ya mawa lake. Ndinathamangira kumsewu n'kuwapempha amake Yohane kuti abwere adzaone chinthu. Anasiyira chiwaya mayi woyandikana nawo n'kunditsatira. Pakhomo anavula patapata, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati ali m'chipatala.

Ndinasankha dziko la zilumba, n'kuika chala chawo pa mausi.

"Dinani apa, amayi."

Anadina. Kompyuta inang'ung'udza, nyanja inabwera, zilumba zinabwera, kadontho kofiira kali kumanzere.

"Dinaninso."

Nyanja ina, zilumba zina, kadontho kali kumanja. Kenako sanadikirenso kuti ndiwauze. Ankangodina okha, nkhope ili pafupi ndi sikirini, kadontho kaja kakudumphira uku ndi uku.

"Ndiye timadontho tonseti ndi ana a anthu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ayi amayi, ndi gemu chabe. Mulibe munthu m'menemo. Mapu anu aja ndinapanga ndine, malume anangojambula."

Anachotsa chala pa mausi. Kenako anaimirira, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kutuluka osatsanzika. Loweruka m'mawa anakwera lole ija.

M'Kawale mulibe chinsinsi. Dzuwa lisanalowe malume anali atamva kale amene anawaonongera msika. Amayi anandikwapula ndi patapata, koma zimenezo zinali zazing'ono. Chilango chenicheni chinali chakuti ndigwade pamaso pa malume ndipepese. Ndinagwada. Iwo anaika dzanja pamutu panga n'kuyamba kutulutsa chiwanda cha kompyuta, akufuula kuti anthu a pamzere onse amve. Dzanjalo linali lonyowa ndi thukuta, malovu akundigwera pachipumi. Atamaliza ndinakasamba kumutu ndi sopo wochapira, koma ndinkamvabe ngati dzanjalo lidakalipo. Bambo anangoti nkhani za kuchikazi salowerera, n'kutsekera kompyuta m'chipinda mwawo.

Patapita masiku amake Yohane anabwerera, ndipo sanabwere okha. Yohane anatsika lole atagwiriziridwa mbali zonse, atangotsala mafupa okhaokha, mapazi otupa. Anamupeza pa esiteti yomwe ija ya ku Mchinji, ali gone m'chisakasa, alibe mphamvu zoyendera ngakhale kufika pamsewu. Anakagona kuchipatala, ndipo pang'onopang'ono anachira. Ine ndinati basi, tsopano anthu aona okha.

Lamlungu lina Yohane atatuluka m'chipatala, amayi anandikokera kumapemphero. Malume anaima kutsogolo mu jekete yawo yoyera, atamugwira mnyamatayo paphewa.

"Ndinamuona mwana uyu m'masomphenya!" anafuula. "Ndinamukoka ndi pemphero, usana ndi usiku, mpaka Satana anamutaya!"

Za chilumba sanatchulenso, ndipo palibe anafunsa. M'nyumbamo munali anthu amene anaona chithunzi chija ndi maso awo, koma onse anaomba m'manja. Nthungululu zinalira, za amayi anga zomveka pamwamba pa zonse. Kenako amake Yohane anadzuka ndi tambala m'manja, anayenda mpaka kutsogolo, n'kugwada pamapazi pa malume. Maso athu atakumana, mayiwo anayang'ana pansi. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa khoma.

Mawa lake ndikudutsa pamsewu amake Yohane anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso, ankangotembenuza zitumbuwa m'chiwaya.

"Makasitomala anga onse amapemphera pamenepo, mwanawe. Ndikawatsutsa a Mtumiki, izi adya ndani?"

Ndinangopitirira ndi mkwiyo wanga.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti wonyansa pankhaniyi anali malume okha. Tsopano ndakula, ndipo ndaona kuti bodza la munthu mmodzi silifika patali lokha. Limaberekedwa kumsana ndi anthu abwinobwino: wina poteteza dzina la mbumba, wina poopa kulowerera za eni, wina poteteza chiwaya chake. Amake Yohane ndinasiya kuwaweruza, chifukwa atadziwa zoona anakwera lole, ndipo chofunika chinali chimenecho. Ndinaphunziranso kuti wonena zoona asayembekezere kuomberedwa m'manja. Koma nseru ija sinandichoke, ndipo sindifuna kuti ichoke, chifukwa tsiku limene idzachoke ndidzakhala nditayamba kuomba nawo m'manja.

Yohane ali moyo. Amakhoma zidebe ku Area 36, ali ndi banja lake. Mwana wake woyamba anamutcha dzina lakuti Binwell.