Ndege ya Alamu M'bafa Lochapira

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndi kalipentala. Dzina lawo lenileni linaiwalika. Amangotchedwa a Muyaya, chifukwa akamakugulitsa mpando amaumenya chibakera n'kunena kuti, "Uwu ndi wamuyaya." Zaka makumi atatu sanagwirepo thabwa lopepuka. Mbawa basi. Tebulo lawo kuti lisunthe, itanani anthu anayi.

Moyandikana ndi shedi yawo muli mkulu wina wokhoma mabokosi a tomato ndi matabwa a paini. Alamu ankamutcha Wamapepala. M'mawa uliwonse moni wawo unali woti, "Wamapepala, mphepo sinakuulutsire katundu?" Iye ankangoseka, misomali ili kukamwa.

Msana utayamba kukana zitseko, alamu anakopeka ndi chithunzi cha pakalendala yakale: ndege yotera pamadzi, yokhala ndi timabwato tiwiri m'malo mwa matayala. Anayeza chithunzicho ndi tepi, muyezo uliwonse n'kuchulukitsa katatu, manambala n'kulemba pakhoma ndi pensulo yawo ya kukhutu. Anasema ndegeyo ndi mbawa miyezi inayi. Mapiko anapala ndi galasi losweka mpaka see. Chozungulira cha kumphuno chinathyoka kawiri, kachitatu chinamvera. Anaikamo ngakhale timipando ta m'kati toti palibe adzatione.

Chinawalakwitsa ndi pakamwa. Analengeza mumzere wonse wa mashedi kuti ndegeyo idzaima pamadzi mapiko ali ouma, ndipo ikadzakanika adzapachika sowo osaigwiranso. Alamu akanena, anena.

Ine ndinati, "Alamu, sukulu ndinalekera panjira, koma cholemera ndimachidziwa."

"Inu mumadziwa mbale za mlongo wanu basi," anandiyankha.

Tsiku loyeserera tinadzitsekera m'shedi, ine, iwo ndi bafa lochapira la mlongo wanga. Anaiika pamadzi ngati akugoneka khanda. Timabwato tinalowa pansi, madzi mpaka m'mapiko, mchira m'mwamba ngati bakha wofuna chakudya.

"Yatera bwino," ndinatero, "kungoti okwera asamba."

Sanaseke. Masiku atatu ankangoyang'ana sowo ija. Tsiku lachinayi anavula chipewa n'kulowa kwa Wamapepala. Ine ndinatsatira, poti nkhani zotere sizikoma kumva kwa ena.

"Achimwene, tizidutswa ta paini simungakhale nato?"

"Ta mapepala tija?"

"Tomweto."

Wamapepala analavulira misomali m'dzanja, n'kusankha yekha tiwiri touma, topanda mfundo. Anawauzanso kuti akumbe m'mimba mwa ndegeyo, ichepe thupi. Alamu anamvetsera mutu uli pansi ngati ali m'kalasi.

Patapita milungu iwiri anatulutsa bafa pabwalo. Owotcherera, osoka nsapato, onse anasiya ntchito. Ndege inagwedezeka pang'ono, kenaka inaima, mapiko ouma. Anthu anaomba m'manja. Wamapepala anaonerera ali pakhomo pake, hamala m'manja, ndipo za tizidutswa tija sanaulule mpaka lero.

Sowo ikugwirabe ntchito. Moni wa m'mawa unasintha, tsopano ndi "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ndege ili pamwamba pa kabati, thupi lowala ndi vanishi kuti mbawa ioneke. Timabwato ta paini tokha anatipaka penti yofiira katatu konse.

Ine ndikapita kukacheza, ndimaima pafupi ndi kabatiyo n'kuyamba kukanda pentiyo ndi chikhadabo. Tiyi amabwera msanga.