Gonela Kumanzele

Doris anali ndi pakati potopa pamene anakumana koyamba ndi amai Josephine Mainza. Anawapeza kuseli kwa kachipatala ka ku Ndake akuthilila ndiwo za lepu m'dimba ndi paipi. Amaiwa anali namwino wochokela kumwela kwa dziko, ndipo Chinsenga, chilankhulo cha ku Ndake, ankachilankhula motsimphina.

Doris sanali yekha. Amai ake aakulu anali patsogolo, mwamuna wake Febian m'mbuyo, mutu uli chozolika. Mitsempha ya Doris inali itatupa m'mphechepeche ndi kumalo obisika, yopotana ngati mizu ya kachele. Kumudzi mlandu unali utagamulidwa kale: Febian wayenda ndi mkazi wina, n'chifukwa chake magazi a mkazi wake aipa. Doris atemedwe mphini pamitsemphapo, mkamwiniyo anyamule mphasa yake azipita. Doris ankamufuna mwamuna wake, ndiye anaumilila kuti ayambe afika kuchipatala.

Atamupima, amai Mainza anawatengela onse kudimba kuja.

"Amai, pondani paipi iyi," anauza amai aakuluwo.

Anaponda. Paipi inafufuma, madzi akungodontha kumapeto.

"Nanga paipiyi, mwamuna wake wayenda ndi ndani?"

Doris anaseka koyamba mwezi umenewo.

Amai Mainza anafotokoza kuti magazi ochokela kumiyendo, kuchibelekelo ndi kumalo obisika amasonkhana m'chiuno, n'kulowa mumtsempha umodzi waukulu wokwela kumtima, chakumanja kwa msana. Mwana akalemela amaupsinja, ndipo mitsempha ing'onoing'ono yam'munsi imadzaza.

"Mukatemapo ndi lumo, magaziwo simudzatha kuwaletsa."

"Nanga uyu akuthawilanji maso?" anafunsa amai aakulu, akuloza Febian.

"Apongozi ngati inu, ngakhale ine ndingathawe maso. Za Febian sindidziwa, sindine m'busa. Koma mitsemphayi alibe nayo mlandu."

Anauza Doris kuti azigonela kumanzele, masana miyendo aziisanjika pathumba la thonje. Anauzanso Febian kuti mtsuko wa kuchitsime tsopano azisenza ndi iye. Amuna anzake anamuseka, iye n'kumatungabe. Mwana wawo Tisunge atabadwa, mitsempha ija inaphwa pang'onopang'ono, ndipo mphasa ya Febian sinachoke pamudzi.

Amai Mainza anakhala ku Ndake mpaka imvi. Ankapalasa njinga m'minda ya chimanga kulondola amai apakati amene aleka sikelo, ndipo paipi yawo inapondedwa ndi apongozi ambili. Anali aukali kwa obisa matenda, koma manyazi a munthu sankawatulutsa pakhomo. Atapuma nchito sanabwelele kwawo. Anamanga kanyumba ku Nyimba n'kubzala nthochi.

Kumapeto nzelu zinayamba kuwathawa. Tsiku lina Doris ndi Febian anapita kukawaona, atatenga Tisunge, amene tsopano nayenso anali woyembekezela. Amai Mainza anawayang'ana pakhonde ngati alendo odutsa.

"Ndine Doris, amai. Wa ku Ndake."

"Mwayenda bwino, mama," anayankha mwaulemu, osam'zindikila.

Tisunge, wotopa ndi ulendo, anagona chagada pamphasa. Pamenepo nkhalamba ija inatambasula ndodo n'kumugunda paphazi.

"Iwe, kumanzele! Mwamuna wako ali kuti? Akatunge madzi."

Febian, tsitsi lili mbuu, anaimilila n'kutenga ndowa.