A Mbewe Afunafuna Mwini Dooko

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kukagona kupolisi chifukwa cha paketi ya shuga. Shugayo sanali wanga, ndipo sindinabe. Ndinangoperekeza mnzanga kumtsinje.

Mnzangayo ndi a Mbewe, a ku Nkhotakota, amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Alexandria. Masana amavala khoti loyera m'labotale ya chipatala china, koma mumtima ndi mwana wa msodzi, ndipo anakulira m'bwato la bambo awo. Chibwerere kuno ku America, zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, anali asanakwerenso chilichonse choyenda pamadzi. Ndikawanyamula pagalimoto n'kufika pamlatho wa Potomac, amasiya nkhani pakati, maso ali pamadzi, mpaka titawoloka.

Mwezi watha anagula boti. Musaganize za maboti oyera mbee a anthu olemera aja. Aka ndi kaboti kachitsulo, kokalamba, ka injini yaing'ono kumbuyo, kamene mzungu wina wa ku Manassas anatopa nako. A Mbewe anakalembetsa ku boma, namata manambala m'mbali, zonse mwadongosolo. Kenaka botilo linangokhala pakangolo kake pamalo oimika magalimoto, likutola masamba, mpaka oyang'anira nyumba analemba kalata yoti lichoke.

Alamu anga, Mayi Mbewe, sanataye nthawi ndi makalata. Ananena ine ndili pomwepo:

"Bambo a Tadala, boti limeneli likapanda kulowa m'madzi Loweruka likubwerali, Lolemba ndikulitsatsa m'nyuzi. I'm serious. Sitingathamangitsidwe panyumba chifukwa cha beseni."

Titatuluka panja ndinawafunsa chimene chikuwaletsa. Anayang'ana uku ndi uku ngati wina akutimvera.

"Achimwene, ndapitako kawiri," anatero. "Dooko labwino zedi, la simenti, lotsetsereka mpaka m'madzi. Koma mwini wake sindinamupeze. Ndinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu. Azungu akungobwera, kutsitsa maboti, n'kumapita, opanda ndi odi yemwe. Ine nditero? Kwathu mlendo sakankhira bwato padooko la eni asanakaonekere kwa mwini malo."

Mukuseka eti? Nanenso ndinaseka. Koma atandifunsa kuti mwini wake ndi ndani, ndinangokanda m'mutu, ine amene ndatha zaka zisanu ndi zinayi m'dziko muno ndipo ndimadzitcha wodziwa zinthu.

Loweruka tinanyamuka atatu, ine, a Mbewe ndi alamu, boti likugwedezeka kumbuyo. Dookolo lili pakamtsinje kena kothira mu Potomac, kumunsi kwa tauni. Titafika tinapeza galimoto ya boma itaima, pambali pake pali mayi wa yunifomu, chipewa kumutu, mfuti m'chiuno. Anali mmodzi wa asilikali oyang'anira za nyama, nsomba ndi maboti m'boma la Virginia.

"Uyo!" anatero a Mbewe, nkhope ili ngwee.

Ndisanawagwire, anali atatulutsa kale kaphukusi pansi pa mpando: shuga, masamba a tiyi ndi sopo. Anavula chipewa, nanjuta pang'ono, napereka ndi manja awiri monga anawalerera makolo awo.

Mlendo kupereka katundu kwa munthu wa yunifomu asanafunsidwe n'komwe, kuno dzina lake ndi limodzi basi, chiphuphu. M'maganizo ndinaona boti likulandidwa, ndinaona ndi ntchito ya a Mbewe ikutha. Mayiyo anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, nafunsa m'Chingerezi, mosaseka, kuti katunduyo ndi wa chiyani.

Chingerezi changa chonse cha kuyunivesite chinathawa. Ndinafotokoza mwachibwibwi kuti bambowa sakugula chilichonse, akungopempha malo kwa mwini dooko monga timachitira kwathu, ndipo abwerera kawiri chifukwa chosamupeza. Mayiyo anayang'ana a Mbewe, nayang'ana shuga, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka ndi phwete.

"Bambo, bwezani katundu wanu m'galimoto, ine sindiloledwa kulandira," anatero. Kenaka anagogoda manambala aja pambali pa boti. "Mwini dooko amene mukumufunayo ndi inuyo. Munalipira kale."

A Mbewe sanamvetse, ndiye mayiyo anatifotokozera modekha, ndipo zina ndakafunsanso mkati mwa sabata. Ndalama zimene munthu amapereka polembetsa boti zimapita ku nthambi ya boma yosamalira za m'madzi. Petulo amene amathira m'injini ya boti ali ndi msonkho ngati petulo wina aliyense, koma boti siliyenda pamsewu, choncho gawo lina la msonkhowo limapatulidwa kuti libwerere kumadzi. Ngakhale ndodo yowedzera imene mwagula m'sitolo ili ndi kamsonkho kake, kamene boma lalikulu la ku Washington limatolera n'kugawira maboma a zigawo, iwonso n'kuwonjezerapo zawo. Simenti ya dooko, zizindikiro zoyandama zosonyeza posaya, timabuku tophunzitsa kuyenda bwino pamadzi, zimachokera m'menemo. Nthawi zambiri a khonsolo ya m'deralo ndi amene amapereka malo n'kumatchetcha udzu. Tsidya linalo, ku Maryland, ndamva kuti msonkho wa pogula boti uli ndi thumba lakelake, lokumbira mitsinje ikadzaza matope.

Sindikunena kuti zonse ndi zokoma. Pali bambo wina wokalamba amene tinamupeza akuwedza ali chiimire pamiyala, wopanda boti, ndipo sindinaone kuti iye amumangira chiyani. Komanso amene amadziwa tsiku la msonkhano wokambirana kumene dooko latsopano limangidwe, nthawi zambiri ndi omwe aja a maboti oyera. Koma chitseko cha msonkhanowo sichikhomedwa. Amene sitilowa ndi ife.

Ndipo apa ndi pamene nkhani ya a Mbewe inasiya kundiseketsa. Ndi angati mwa ife amene tikukhala m'dziko muno ngati tili pakhonde la munthu, chipewa m'manja, kudikira kuti wina atiuze kuti lowani? Msonkho amatidula mwezi ndi mwezi, sitiphonya. Koma laibulale timaidutsa, paki timaionera pawindo la basi, ndipo ana athu akafuna kukasewera mpira pabwalo la khonsolo timawauza kuti asakatiputire milandu. Ndi liti pamene munalowa m'malo a boma musanadzifunse kaye kuti kodi ndikuloledwa?

Ulemu wa a Mbewe sindikuunyoza ayi. Ndinaukonda, ndipo ndikhulupirira kuti mayi uja adzaukumbukira nthawi yaitali, chifukwa pantchito yake amalandira madandaulo ambiri kuposa moni. Ulemu tisautaye. Chofunika kutaya ndi mantha amene tinawasokera m'kati mwake, mantha a yunifomu ndi a chikwangwani, amene tinabwera nawo m'sutikesi.

Ndinaganizanso za kwathu. Asodzi athu nawo amadula ziphaso. Bwanji gawo lina la ndalama zimenezo litamabwerera padooko pomwepo, msodzi n'kuloza ndi chala kuti chiphaso changa ndi simenti iyi, ndi nyali iyo yotiongolera pobwera? Si nzeru yofuna chuma cha America. Ambiri mwa inu mukuphunzira zachuma m'mayunivesite a kuno, ena muli m'mabanki akuluakulu m'tauni muno, ndipo tsiku lina mudzabwerera kukakhala m'maofesi. Mudzapite nayo imeneyi.

Tibwerere kumtsinje, chifukwa botilo linali lisananyowe.

Mayi uja anati popeza tapezana, aliyendere botilo. Anaona mapepala, anaona nkhafi, anaona kawenzulo koimbira pangozi. Kenaka anawerenga majekete oyandamitsa munthu akagwera m'madzi, nawerenganso ife.

"Majekete awiri, anthu atatu. Mmodzi atsale."

Sindinade nkhawa. Alamu anga anabwera kudzachitira umboni chabe, atavala nsapato za kutchalitchi, ndipo njira yonse anali akunena kuti iwo ndi a ku Dedza, madzi amawadziwira m'ndowa. Ndinatola jekete langa n'kuyamba kumanga zingwe.

A Mbewe anabweza galimoto cham'mbuyo, kangolo kakukhotera uku ndi uku, mpaka matayala analowa m'madzi. Anatsika, napinda buluku, nakankha. Boti linayandama. Anaima pamenepo madzi ali m'mawondo, dzanja lili pamphuno ya boti, ndipo ndinaona misozi ikutsika pankhope ya bambo wamkulu. Sanaipukute.

Alamu anawayang'ana amuna awo kwa kanthawi. Kenaka anavula nsapato zija, nandipatsira, nanditambasulira dzanja.

"Alamu, vulani jeketelo. Inu londerani galimoto. Zaka zonsezi ndimayesa ndimawadziwa bambowa."

Ndinavula. A Mbewe anawagwira dzanja akazi awo powakweza, injini inatsokomola kawiri n'kulira, ndipo kaboti kanalowera pakati pa mtsinje, alamu atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, akukuwa kuti pang'onopang'ono.

Ine ndinatsala padooko ndi nsapato za mkazi wa mwini m'manja, ndikumwetulira ndekha ngati wopusa. Msilikali uja anandiyang'ana, nandifunsa ngati nane ndili ndi boti. Ndinati ayi.

"Nanga mumakonda chiyani?" anafunsa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudzifunsa zimene ndikuloledwa, ndipo funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Inu mukanamuyankha chiyani?