Kadontho Kofiira ka Sagynbai

Sagynbai wakhala akuweta nkhosa m'mapiri a kuseri kwa At-Bashy kuyambira ine ndisanabadwe. Mkazi wake adamwalira kalekale, ndipo Ernis, mwana wake mmodzi yekhayo, amamanga nyumba za eni ake ku Moscow. Watsala ndi nkhosa makumi asanu ndi atatu, hatchi yokalamba ndi galu wake Alapar. Ine ndimabaya ziweto katemera, ndipo ndimakwera kumeneko kawiri pamwezi. Kawirikawiri ndimampeza akumufotokozera galuyo nkhani za pa wailesi, ngakhale kukangana naye kumene.

Ali mnyamata, mfuti yake sinkaphonya mmbulu. Koma maso adayamba kuchita nkhungu, ndipo chaka chatha mimbulu idamudyera nkhosa zisanu ndi zinayi iye akuona. Ernis atamva sadabwere. Adatumiza kagalasi komangirira pamfuti: ukasuzumiramo umaona kadontho kofiira, ndipo pamene kakhala ndi pamene chipolopolo chikagwere. Mkuluyo adakapukuta ndi mpango wa malemu mkazi wake.

Pabokosi lake padalembedwa nambala sikisi, yosonyeza kukula kwa kadonthoko. Ndidamufotokozera momwe ndidaphunzirira ku usilikali, kuti nambala iliyonse imaphimba zala ziwiri pa mtunda wa mamita zana limodzi. Sikisi ndiye kuti chikhatho chotambasula. Chinthu chikatalikira katatu, kadonthoko kamabisa zikhatho zitatu, ngakhale m'diso mwako kakuonekabe kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndidaika kambale komwera tiyi pamwala, tidabwerera m'mbuyo mamita zana, kambale kadazimirira kuseri kwa kufiirako.

Sadakondwe. Iye adali atayesera kale mfutiyo monga amachitira abusa onse kuno, pa thumba la ufa lokoleka pamtengo wa khola, mapazi makumi anayi okha. Pamenepo kadonthoko nkosaopsa. Komanso chifukwa chipale chofewa cha m'mapirimo chimathobwa m'maso, adakawalitsa mpaka pomalizira, mwakuti kadafufuma.

"Iwe umadziwa matako a nkhosa basi," adatero. "Mwana wanga wagona ndi njala kuti andigulire ichi, ndiye undiuze kuti nchabodza?"

"Si chabodza, achikulire. Ncha pafupi."

Adandithirira tiyi wina, nkhani nkuthera pomwepo. Ndidakwiya naye, koma ndidamumvetsa. Pa zaka zisanu ndi chimodzi osamuona, kagalasiko ndi chinthu chokha chochokera m'manja mwa Ernis chomwe adachigwirapo.

Mu Febuluwale, dzuwa lili paliwombo, mmbulu udatsikira nkhosa kutsidya kwa chigwa. Alapar adathamanga, nkukagwirana nawo. Galuyo adali wokalamba, ndipo Sagynbai adaona kuti akugonja. Adagwada, adaloza. Zilombo ziwirizo zikugubuduzana, kadontho kadakhala pamwamba pake, nkuzibisa. Akadadikira, mmbulu ukadamaliza galu. Adawombera.

Ndidafika patapita masiku awiri. Padalibe wondiuwa. Ndidampeza atakhala pakhomo, chidutswa cha buledi chili m'manja, poti adazolowera kunyema pawiri. Adandilozera pomwe adagwada, nandipempha ndiyese mtunda mpaka pomwe panali magazi. Ndidayenda ndikuwerenga. Mamita mazana atatu ndi khumi.

Adatambasula chikhatho pabondo katatu, pang'onopang'ono, akuyang'ana kutalika kwake.

"Mutu wa Alapar ndi phewa lake zikwana apa," adatero. "Sindinaone galu, sindinaone mmbulu. Ndinaona kufiira kokha, nkudziuza kuti kuseriko kuli mmbulu."

Sindidamuuze kuti ndidanena. Ndidabaya nkhosa zake, iye akundigwirira. Kumtundako foni sigwira, choncho mauthenga ake kwa Ernis ndimatsika nawo ndine. Nditakwera hatchi ndidamufunsa choti ndikanene.

"Ukamuuze kuti chinthu chija chikugwira bwino ntchito," adayankha. "Akafunsa za galu, unene kuti wafa ndi ukalamba. Ukamuuza zoona, sadzanditumiziranso kanthu."