Tsamba Limene Ankati Inki Inatha

Amene anayamba kundiuza za buku la dziko la madzi oundana anali alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga. Iwowa ankagulitsa zitumbuwa pa siteshoni ya sitima pa Balaka, ndipo nkhani iliyonse inkayamba yawapatsa moni iwo isanalowe m'mudzi. Anandipeza ndikupeta mphale pakhomo, dengu lawo likadali pamutu.

"Alamu, mwamva zimene akuchita amuna anuwa? Akusindikiza buku la azungu amene anasiya nyumba zawo zabwinobwino kupita kukafunafuna kuzizira."

"Kuzizira amachita kufunafuna?" ndinafunsa.

"Kaya! Ife kukazizira timathawira m'bulangete, anzathu amachita kukwerera sitima ya pamadzi kukakulonjera kwawo."

Nthawi imeneyo nkhondo yaikulu ija inali itangotha kumene. Amuna anga ankagwira ntchito kwa aphunzitsi ena opuma, a kwathu ku Phalula, amene anapeza makina akale osindikizira ku mishoni nawaika m'kachipinda kuseri kwa nyumba yawo pafupi ndi msika. Makinawo anali opukusa ndi manja, olira ngati ng'ombe yodwala chifuwa. Amuna anga ankatola zilembo zamtovu chimodzichimodzi n'kumazindanda chozondoka, ndipo pobwera kunyumba zala zawo zinkadetsa chilichonse, ngakhale masaya a ana. Ankasindikiza nyimbo za kwaya, makalata oitanira ku ukwati, ndi timabuku ta kalimidwe ka thonje. Koma aphunzitsi aja anali ndi buku lina lachizungu long'ambika, lowasiyira mzungu wina pobwerera kwawo, lonena za anthu amene anayenda ulendo wopita kumathero a dziko kumwera. Anaitenga nkhaniyo naifotokoza m'Chinyanja, amvekere, "Ana athu adziwe kuti dziko la Mulungu silithera pa phiri la Zomba."

Ine ndinalowa m'ntchitoyi ndi singano. Mapepala akauma ankabwera nawo kunyumba pa njinga, ine n'kumapinda, kuboola ndi chisongole cha waya, n'kusoka ndi ulusi wopaka phula la njuchi. Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga ndinkatha, tsono ndinkasoka uku ndikuba mizere iwiri itatu. Umo ndimo ndinadziwira kuti kumeneko madzi amauma gwa ngati mwala, kuti mpweya wa m'kamwa umaundana pa ndevu, kuti ena a paulendowo anafera komweko ndi njala, ndi kuti katundu amamukokera pa ngolo zopanda mawilo, okoka ake agalu. Nditawauza alamu za agaluwo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Agalu? Galu wanuyu ngakhale chitsononkho angakoke? Alamu, bodza lina muzisiyira ana."

Pakati penipeni pa bukulo panali chithunzi. Amuna anga anachisema okha pa thabwa la mlombwa, akuyang'ana cha m'buku lachizungu lija, ndipo anachinyadira koposa. Popeza dzikolo n'loyera lokhalokha, anagoba pafupifupi thabwa lonse, n'kungosiya timadontho takuda cha pakona: anthu, agalu, ndi kahema kamodzi. Pa pepala zinatuluka chimodzimodzi. Tsamba lonse mbee, m'munsi timadontho ngati pamene payenda ntchentche yogwera mu inki.

Mabuku anapita ku msika wa thonje, pamene anthu amakhala ndi kangachepe m'thumba, ndipo poyamba anayenda bwino. Mavuto anayamba ndi atelala ena achiyao amene ankasoka pa khonde la sitolo ya mmwenye. Anali munthu waulemu, wa chisoti choyera, wodziwa kuwerenga Chinyanja ndi Chiarabu chomwe, ndipo mawu awo pa Balaka ankalemera. Anabwera kwa aphunzitsi buku lili m'manja, nalitsegula pakati.

"Aphunzitsi, ine munthu akandipatsa nsalu, sindim'bwezera malaya a mkono umodzi. Tsamba ili inki inatha. Ndipatseni lina."

Aphunzitsi anawapatsa lina. Atelala anatsegula, nayang'ana, nati, "Ili nalonso inatha." Anatsegula lachitatu. Kenaka anasanjika onse bwinobwino pa tebulo, nathokoza, nabwerera ku makina awo. Khonde lija ndi pamene pankakhala amuna onse osowa chochita, tsono sabata isanathe aliyense anadziwa kuti mabuku a aphunzitsi ndi olumala pakati. Anthu anayamba kubweza. Wina anachokera kutsidya kwa Shire, ku Machinga, kupalasa njinga ulendo wonsewo kudzangobweza buku. Wina anang'amba tsambalo n'kupichirira fodya, amvekere pepala losalembedwa silichimwitsa.

Aphunzitsi anali munthu wabwino koma wouma khosi. Kufotokoza anakana. "Ndalemba kale m'bukumo kuti dzikolo n'loyera. Kodi ndiziyenda khomo ndi khomo kuwatafunira?" Kenaka anawauza amuna anga kuti mapepala a bukuli anadya zonse zimene anasunga, ndipo ngati mabuku apitiriza kubwerera, makina awagulitsa kwa mmwenye wa ku Limbe amene ankawafuna kale.

Tsiku lotsatira alamu anabwera opanda nthabwala. Anati awaona achimwene awo pa siteshoni akulankhula ndi munthu wolemba anthu opita ku migodi ku Joni. Nditawafunsa amuna anga sanakane.

"Mayi a ana, nanga tidya zilembo? Zaka ziwiri zokha, ndibwera."

Mawu omwewo anawanena bambo anga ondibereka ine ndili kamtsikana, ndipo mpaka lero sitidziwa kumene kuli manda awo. Ndinali ndi ana atatu, wachinayi ali m'njira. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pafupi ndi mulu wa mabuku obwezedwa, ndinati, "Ambuye, munalenga dziko lozizira lija ndinu, simunatifunse. Musalole kuti linditengere mwamuna ngakhale sanalipondemo." Si pemphero la m'buku la mapemphero, koma ndi limene ndinali nalo.

Yankho linandipeza ndikuyanika ufa. Ndinayala mphasa pabwalo, ndinathira ufa woyera n'kuusalaza ndi dzanja, alamu atakhala pambali ndi kandodo kopirikitsira nkhuku. Dzuwa linawala pa ufawo mpaka maso kuwawa. Kenaka ndinaona nyerere zingapo zitalowera kumphepete, zikukoka kamwendo ka chiwala. Zinkayenda pang'ono, kuima, kuzungulira, kubwerera, osadziwa kolowera, pakuti kutsogolo mbee, kumbuyo mbee.

Ndinathamanga kukatenga buku, ndinalitsegula pakati, ndinaliika pambali pa mphasa.

"Alamu, taonani. Si awa anthu aja?"

Alamu anayang'ana ufa, nayang'ana tsamba, nayang'ananso ufa. Nkhuku inadutsa n'kujompha, iwo osaiona.

"Mayo ine! Ndiye kuti koyeraku ndiye dziko lakelo?"

"Ndilo."

"Nanga anafa bwanji ndi njala ali pakati pa ufa?"

"Si ufa, alamu, ndi madzi ouma!"

"Iyayi, ndamva, ndimangokuyesani." Ananyamuka nakutumula chitenje. "Tengani lichero. Tipite kwa atelala."

Mkazi wapakati kukaima pa khonde la amuna sichinali chinthu chapafupi masiku amenewo, koma kumbuyo kwa alamu munthu unkatha kulowa paliponse. Tinafika, tinagwada, tinapereka moni. Atelala anaimitsa phazi pa makina. Amuna a pakhondepo anasiya bawo, poganiza kuti tabwera ndi mlandu. Ndinaika lichero la ufa pansi, ndinasalaza, ndinatola timakala tating'ono ta m'simbi yawo yositira n'kutiika cha pakona. Kenaka ndinatsegula buku. Ndinawalozera tsambalo ndi chala, ndinati:

"Bambo, inki sinathe. Awa ndi anthu, awa ndi agalu awo. Koyera konseku ndi dziko. Amuna anga sanaiwale kanthu, kumeneko kulibe choti ajambule."

Atelala anavula mandala, nawapukuta, nawerama. Kenaka anafunsa:

"Amama, mtengo palibe?"

"Palibe."

"Ngakhale chitsamba? Nanga nkhuni amazitola kuti?"

"Amachita kunyamula mafuta. Akatha, basi."

"Njira?"

"Mphepo imafufuta."

Mmodzi wa osewera bawo aja anati, "Ndiye amakafunako chiyani?" Alamu anamuyankha msangamsanga, "Chomwe mumafuna inu pakhonde pano tsiku lonse, achimwene." Khonde lonse linaphulika, mmwenye mpaka kusuzumira pa zenera.

Atelala sanaseke nawo. Anali atatenga buku akuwerenga tsamba loyang'anana ndi chithunzicho, chala chikuyenda pansi pa mawu. Poyamba paja anangolitsegula pakati monga amachitira ndi nsalu, kuona ngati muli chilema, osaliwerenga. Mwadzidzidzi anadzutsa mutu.

"Apa akuti dzuwa limatha miyezi osalowa. Zoona?"

"Aphunzitsi akutero, bambo."

"Tsono ukafika mwezi womanga, Msilamu wa kumeneko amamasula nthawi yanji? Adikire mpaka liti?" Anamenya bondo ndi dzanja, nkhope itawala ngati mwana wapeza chisa cha mbalame. "Funso ili ndikawafunse ashehe Lachisanu. Tione ngati atulukemo! Amama, bukuli ndisiyireni."

Za kutulukamo kwa ashehe sindinamve bwino, ena ankati anayankha, ena ankati anapempha nthawi. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkangano unayaka pa Balaka. Akhristu nawo analowererapo, kufunsana kuti Sabata limayamba liti kumene kulibe madzulo. Munthu sukanatha kutsutsana nawo usanawerenge, tsono amene anabweza mabuku anayamba kubwera chozemba, aliyense ndi chifukwa chake: wina akuti wamutuma ndi mkazi wake, wina akuti ndi la mwana. Wopichira fodya uja anadandaula kuti lake lilibe chithunzi, ngati kuti tinasuta ndife.

Ine ndi alamu tinanyamula lichero lathu kupita nalo ku msonkhano wa amayi wa Lachinayi, kenaka ku Phalula, kenaka kulikonse kumene kunali anthu. Amayi ambiri sankawerenga, koma ankati, "Ana atiwerengera." Analibe ndalama, tsono ankabwera ndi mazira, nandolo, wina tambala wamakani amene anatijompha njira yonse. Amayi ena okalamba, nditawawerengera za munthu amene anadwala paulendowo natuluka yekha m'hema kuti asachedwetse anzake, analira, nati tiwapempherere anthuwo ngakhale anafa kale. Tinapemphera, mwina mochedwa, koma Mulungu sasowa pokaika pemphero.

Aphunzitsi atamva za lichero anandiitanitsa. Ndinapita. Anandiyang'ana pamwamba pa mandala.

"Mwana wanga, ndamva kuti ukuphunzitsa anthu kuti kumwera kuli ufa."

"Iyayi, aphunzitsi, ndimanena kuti ndi madzi."

"Ufa ndi wofunda. Uziwauza kuti akaugwira uja wa kumeneko, zala zimathothoka." Anakhosomola pang'ono. "Ulusi ukadali nawo? Tisindikiza ena."

Kunena za makina sananenenso, ndipo mmwenye wa ku Limbe anatopa n'kudikira. M'mawa umene galimoto la a ku migodi linanyamuka pa siteshoni, amuna anga anali m'kachipinda kaja akutsuka zilembo ndi palafini. Ine sindinakhulupirire mpaka nditapita ndekha kukasuzumira pakhomo. Anandiona nati, "Mwabwera kudzaona ngati ndathawa?" Ndinati, "Iyayi, ndimadutsa." Kumeneko kunalibe njira yopita kwina kulikonse, ndipo tonse tinkadziwa.

Mwana wachinayi anabadwa bambo ake ali pakhomo, ndipo anabadwanso ena awiri pambuyo pake. Amuna anga anagwira ntchito ya zilembo mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Chuma sitinachione, koma palibe mwana wathu amene anakula akufunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji. Pa ichi ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse, ndipo ndimathokozanso onse amene anatsegula thumba kapena nkhokwe chifukwa cha kabuku kosokedwa ndi manja.

Tsopano amuna anga anatsogola, ine miyendo yayamba kukana, ana ndi adzukulu ali mbali zosiyanasiyana, ena ntchito ili bwino, ena akuvutika. Mukaona munthu akuyenda ndi timabuku take tochepa, mulandireni, mum'patse mpando, pakuti kuseri kwake kuli anthu amene akudikira kuti abwera ndi chiyani. Ndipo inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada, mutikumbukeko ife a banja lino, ana anga ndi ana awo, kuti Ambuye atisunge pamodzi.