Tsiku Limene ba Vitalis Anasaka Maenje

Munthu akakuuzani kuti Landirova ya ba Vitalis inamupitirirapo pamsewu, dziwani kuti munthuyo anali ataima chilili. Mkuluyu anali dalaivala wa pamishoni ya Akatolika m'boma la Chongwe kuyambira 1975. Anayamba ngati wothirira kabichi m'dimba la ansembe, mpaka wansembe wina wokalamba, amene maso anali atayamba kumukana, anamuika pachiwongolero. Kuchokera apo ananyamula odwala, mabokosi a maliro, akwati, galasi la mawindo a tchalitchi ndi mazira a masisitere, koma sanaswepo dzira ngakhale limodzi.

Kuyendetsa kwake kunali kotopetsa, tisabise. Dzenje ankaliona lili kutali, n'kulizungulira mwaulemu ngati akupewa apongozi. Anthu a panjinga ankamupitirira, kumupatsa moni, kufunsa za kunyumba, yankho n'kulimva lonse. Akamuseka, iye ankangosisita chiwongolero. "Motoka ni muntu, imamva kuwawa," ankatero. "Kuthamanga sikufika."

Tsono anali ndi mlamu wake, Juliana, mkazi wa malemu mkulu wake, amene ankakhala ku Bundabunda. Mayi ameneyu pakamwa pake sipankagwa ntchentche. Mwamuna wake atamwalira, anatenga khasu ndi beseni nayamba kukumba m'mphepete mwa dambo pamene pamatuluka kasupe. Anakumba zilimwe ziwiri, yekha. Ba Keziah, oyandikana nawo, ankaima pamwamba pa dzenjelo manja ali m'chiuno.

"Ba Juliana, manda aya yakula maningi. Muzagonamo na ndani?"

"Na nsomba," ankayankha Juliana dothi lili pamutu. Mudzi wonse unkafa nako kuseka.

Mu Febuluwale wa 1997 dziwe linadzaza, madzi ake obiriwira bwino. Juliana anapereka mbuzi zake ziwiri, zokhazo zimene anatsala nazo, kwa ba Sanford a ku Chalimbana, mlimi wa maiwe, kuti amupatse tiana ta nsomba totalika ngati chala. Tinali totsiriza chaka chimenecho. Tikafera panjira ndiye kuti mbuzi zapita, dziwe likhala la achule, ndipo ba Keziah apeza nkhani yofika nayo mpaka Khirisimasi. Vitalis anapempha galimoto kwa ansembe tsiku Lachiwiri, iwo anavomera.

Ku Chalimbana anamanga dilamu ya madzi ndi tinsomba tija kumbuyo kwa galimoto ndi malegeni, pakamwa pake anaphimba ndi saka. Ba Sanford anangoti, "Musachedwe panjira." Vitalis anagwedeza mutu, koma mumtima anali atagamula kale: katundu wosalimba chonchi ayenera kuyenda ngati mwana wobadwa dzulo. Ananyamuka pang'onopang'ono kuposa masiku onse, Juliana ali kumbuyo atakumbatira dilamu.

Pamene ankadutsa pamsika wa Chongwe dzuwa linali litakwera kale. Maminibasi a ku Lusaka ankawaimbira hutala, makondakitala akumutcha gogo, akukuwa kuti, "Ba shikulu, ikankheni chabe!" Vitalis sanawayang'ane n'komwe. Madzi a m'dilamu anali zii, osagwedezeka, ndipo iye ankanyadira. Atayenda ndithu pamsewu wa tala, anamva denga likumenyedwa. Phaa! Phaa!

"Ba mulamu! Zikufa! Zonse zabwela pamwamba, zikuyasamula monga zili mu kwaya!"

Vitalis anatembenuka kuti aone pa kawindo kakumbuyo. Kutembenuka komweko, tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje, loyamba m'zaka makumi awiri ndi ziwiri. Gubudu! Dilamu inavina, madzi anakhavukira Juliana kumaso. Vitalis anaima, natsika akukonza kale mawu opepesa.

Anapeza mlamu wake mutu uli m'dilamu. Atautulutsa, nkhope inali ikuwala.

"Zatsika pansi. Zikusambila! Mulamu, gundani ina."

"Ati bwanji?"

"Gundani mugodi ina! Madzi yakagona, zisowa mpweya. Yakakhavuka, zipuma. Simuona?"

"Iyayi, mulamu. Ine sinigunda maenje."

"Lelo muzagunda. Olo tsikani niyendetse neka."

Juliana sanagwirepo chiwongolero chibadwire, koma Vitalis ankamudziwa bwino: akanayesa ndithu. Vitalis anakwera, nachita chizindikiro cha mtanda, nalunjika dzenje lotsatira maso atatsinzina theka. Gubudu! "Ina!" kunamveka kumbuyo. Gubudu! Anthu oyenda pansi ankaima kukamwa kuli yasa. Ena anatsimikiza kuti galimoto ya mishoni yabedwa.

Atafika pokhotera ku Bundabunda, njira zinali ziwiri. Ina inali yosalazidwa kumene, yozungulira phiri, yaitali. Inayo inali ya ngolo za owotcha makala, yodula pamwamba pa phiri lenilenilo, miyala yokhayokha ndi ngalande zokumbidwa ndi mvula. Njira imeneyo Vitalis ankaiopa ngati njoka. Anaima pang'ono, namva mlamu akuti, "Zayambanso kukwela!" Basi, anagwira kandodo kofiira kamene kamapatsa mphamvu matayala onse anayi, nakakokera kumbuyo. Injini inasintha mawu, inayamba kubangula.

Abale inu, galimoto ija inakwera! Tayala limodzi pamwala, lina m'mwamba likupalasa mphepo, thupi lonse likupendama uku ndi uku. Nthambi za mitondo zinkakwapula galasi. Vitalis anatulutsa zala zazikulu m'kati mwa chiwongolero kuti chisamuthyole chikabwerera, monga anamuphunzitsira wansembe uja kalekale, ndipo anadabwa kuti manja ake akudziwa zonse: poponda, posiya, polola galimoto kutsetsereka yokha pa giya yoyamba osakhudza buleki. Nzeru zonsezi anali nazo, anangozisunga m'thumba zaka zonsezi. Pamtsetse wachiwiri anadzimva akuseka. Pakamtsinje ka mchenga analowa ndi liwiro, madzi anauluka mbali zonse, iye nakuwa ngati mnyamata woweta ng'ombe. Anakondwa, munthu wamkulu ndi imvi zake, anakondwa zenizeni.

"Mulamu, muli moyo kumbuyo uko?"

"Musafunse ine, funsani nsomba! Tiyeni!"

Chimwemwe chija ndi chimene chinamulowetsa m'mavuto. Atatsika phiri, dambo linali patsogolo, dziwe likuoneka chapatali kutsidya. Masiku onse akanatsika, kuvula nsapato, n'kuyesa nthaka ndi phazi. Tsikulo anangolowa. Landirova inayenda mikono khumi, kenaka inakhala pansi ndi mimba, matayala onse anayi akuzungulira m'matope akuda. Anazimitsa injini. Kunali duu. Madzi a m'dilamu anagona, ndipo posakhalitsa timilomo tinayamba kuonekera pamwamba.

Juliana anaimirira pamwamba pa galimoto nakuwira amayi amene ankapalira mbatata kumtunda. Anabwera asanu ndi anayi, makasu ali m'manja, patsogolo pali ba Keziah.

"Tikankhe?" anafunsa ba Keziah.

"Osakankha! Igwedezeni!"

"Tigwedeze motoka ya ba Fada? Ba Juliana, mutu uli bwino?"

"Muzaniseka mailo, nizakupatsani na mpando. Lelo gwedezani!"

Ba Keziah anasuzumira m'dilamu. Anaona tinsomba tija tikupuma movutika, ndipo nkhope yawo inasintha. Anamanga chitenje, nagwira chitsulo cha m'mbali. "Imwe, bwelani uku anayi, enawo uko!" Anayambitsa nyimbo yosinjira, amayi anayankha, galimoto n'kumapendama uku ndi uku motsatira nyimboyo, madzi m'dilamu akuti khavu, khavu. Pansi pake Vitalis anali atagona chafufumimba m'matope ndi malaya ake oyera a pamishoni, akukumba kutsogolo kwa matayala ndi khasu lobwereka, akulowetsa nthambi ndi udzu. Matope amene ankagwa pagalimoto yogwedezekayo ankathera m'khosi mwake. Sanadandaule, nthawi yake panalibe.

Nyimbo itabwerezedwa kachisanu, anakwera. Giya yachiwiri, phazi lopepuka, osakakamiza. Matayala analuma nthambi, galimoto inabuula, inanyamuka, n'kutuluka ikudontha, amayi akuthamanga pambuyo.

Padziwe, Juliana anakana kuti wina aliyense agwire. Analowa m'madzi mpaka m'mawondo, Vitalis akumupatsira ndowa imodziimodzi. Ankaimiza ndowa pang'ono kuti madzi a padziwe alowemo kaye, kenaka n'kuipendeketsa. Ndowa yoyamba, tinsomba tinatuluka n'kungoyandama chammbali, osagwedeza ngakhale mchira. Vitalis anaganiza za nthawi ija imene anataya pamsewu wa tala akunyadira madzi ogona, ndipo manyazi anamugwira.

Kansomba kamodzi kanapinda mchira. Kenaka kena. Mwadzidzidzi tonse tinati balala, kulowa pansi pa madzi obiriwira, osaonekanso. Ndowa yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Pomaliza, takufa tinali tochepa toti n'kukwana m'dzanja limodzi.

Ba Keziah anayang'ana dziwe, lomwe linkaoneka monga linalili dzulo.

"Manje zili kuti?"

"Zili kwao," anatero Juliana.

Anaponya ndowa kumtunda, naika dzanja pakamwa, naimba nthungululu yaitali imene inadzutsa mbalame dambo lonse. Amayi anailandira. Vitalis, ataima pamenepo matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anazindikira kuti mawu amenewo anawamva komaliza mkulu wake ali moyo. Anafuna kuseka, koma misozi inafika poyamba, ndipo anaisiya kuti itsike.